Mfundo ya dzanja ikamapweteka ponyamula zitsulo zolimbitsa mapewa

Pa madandaulo onse amene ndimamva kwa anzanga amene timanyamula nawo zitsulo kuno ku Dedza, limene limabwerabwera chaka ndi chaka ndi la kupweteka kwa mfundo ya dzanja, pamalo paja pamene timamangapo wotchi. Munthu amabwera ndi cholinga cholimbitsa mapewa, koma akakankha chitsulo kupita pamwamba pa mutu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mapewawo asanatope n'komwe, dzanja limayamba kubaya mpaka amatsitsa chitsulocho. Zimene ambiri amachita zikatero n'zofanana: amapuma sabata imodzi, amagula bandeji n'kumanga dzanjalo mwamphamvu, kenako amabwerera ku chitsulo chomwecho n'kuchigwira monga momwe ankachigwirira poyamba. Pakangopita masiku ochepa ululu uja umabweranso, ndipo ena amafika poganiza kuti anabadwa ndi manja ofooka. Ine ndaona kuti nthawi zambiri dzanjalo silikhala ndi vuto, koma limakhala likusenza katundu pamalo pamene silinapangidwire kusenzera.

Mfundo ya dzanja ili ndi timafupa 8 tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere iwiri, ndipo timakhala pamwamba pa mafupa awiri aatali ochokera kuchigongono, lina la mbali ya chala chachikulu ndi lina la mbali ya chala chaching'ono. Timafupa timeneti tinapangidwa kuti dzanja lizitha kupindika ndi kutembenuka mosavuta, ndipo timapirira kulemera kwakukulu pokhapokha ngati kulemerako kukutsika molunjika kulowa m'mafupa aatali aja. Aliyense amene anamangapo nkhokwe amadziwa kuti mphanda yoima chilili imasenza chimanga chambiri popanda vuto, koma yopendekera imayamba kulira ndi kugwedera ngakhale nkhokweyo isanadzaze. N'chimodzimodzinso ndi mkono umene ukukankha chitsulo kupita kumwamba.

Yambani ndi pamene chitsulo chagona m'dzanja

Pa masewera okankha ndodo yachitsulo kuchokera pachifuwa kupita pamwamba pa mutu, amene m'majimu amawatchula kuti overhead press, cholakwika chofala kwambiri ndicho kulola ndodoyo kugona kumtunda kwa chikhatho, pafupi ndi pamene zala zimayambira. Ikagona pamenepo imakokera dzanja kumbuyo, chikhatho n'kuyang'ana kudenga ngati cha munthu wonyamula mbale ya ndiwo, ndipo kulemera konse kumakhala kumbuyo kwa mkono m'malo mokhala pamwamba pake. Timafupa ta kuseri kwa mfundo timapanikizana, minyewa ya kutsogolo imakokeka, ndipo ululu umamveka pakatikati pa mfundo, mbali ya kuseri kwa dzanja. Ngati ululu wanu uli pamenepo, ndipo umakula pamene chitsulo chili pachifuwa kapena pamene mwangoyamba kuchikankha, musayambe mwafufuza kwina musanakonze kagwiridwe.

Ndodo iyenera kugona kumunsi kwa chikhatho, pamnofu wokhuthala uja umene timatsamira tikamadzuka pamphasa. Kuti ifike pamenepo, musanainyamule ikani manja pandodo, muwatembenuzire pang'ono mkati kotero kuti zala zazikulu ziloze pansi pang'ono, ndodo idutse mopingasa chikhatho kuchokera pakati pa chala chachikulu ndi cholozera kukafika kumunsi kwa mbali ya chala chaching'ono, kenako mufumbate mwamphamvu, chala chachikulu chitazungulira ndodoyo. Anthu ena amakonda kusiya chala chachikulu mbali imodzi ndi zala zina poganiza kuti dzanja limapepukidwa, koma ine sindilimbikitsa zimenezi kwa munthu amene chitsulo chili pamwamba pa mutu wake, chifukwa manja akatuluka thukuta palibe chimene chingachiletse kuterereka. Kufumbata mwamphamvu nakonso kuli ndi ntchito yake, pakuti minofu ya mkono ikakungika imagwira mfundo kuti isagwere kumbuyo. Sikuti dzanja liwongoke ngati lula ayi. Kupindikira kumbuyo pang'ono n'kwachibadwa. Chofunika n'chakuti mnzanu ataima pambali panu aone ndodo, mfundo ya dzanja ndi chigongono zili pamzere umodzi wotsika pansi, ndipo nkhonya zanu ziyang'ane kudenga osati kumbuyo kwanu.

Ndanena za mnzanu chifukwa munthu sadziona yekha pamene akunyamula, ndipo malo ambiri amene timachitirako masewerawa alibe galasi. Ngati palibe wokuyang'anani, tsamiritsani foni pa njerwa ndipo mudzijambule kuchokera pambali ndi kutsogolo. Ambiri amadabwa akaona mmene dzanja lawo limapindikira, chifukwa iwo ankamva ngati lili bwinobwino.

Chithunzi cha kutsogolo chimaonetsa vuto lachiwiri, lomwe ndi kutalikirana kwa manja. Mukagwira motalikitsa kwambiri, mikono imapendekera kunja ndipo dzanja limakakamizika kupindikira mbali ya chala chachikulu. Mukagwira moyandikanitsa kwambiri zigongono zili kunja, limapindikira mbali ya chala chaching'ono. Kwa anthu ambiri malo oyenera ndi kunja pang'ono kwa mapewa, pamene mikono yonse iwiri imaima chilili chitsulo chikakhala pachifuwa. Zigongono nazo zikhale kutsogolo pang'ono kwa ndodo, osati kumbuyo kwake, pakuti chigongono chikathawira kumbuyo dzanja limapindika kuti chitsulo chisagwe.

Pali anthu ena amene amamvetsa zonsezi koma thupi limakana, chifukwa mapewa ndi msana wa kumtunda n'zouma moti zigongono sizitha kubwera kutsogolo. Mungadziyese poima chotsamira khoma, msana wonse utagunda khomalo, n'kukweza mikono yowongoka mpaka zala zazikulu zikhudze khoma pamwamba pa mutu. Ngati simungathe kutero popanda kupinda chiuno kapena zigongono, ndiye kuti dzanja lanu likulipira ngongole ya phewa, ndipo muyenera kuyamba mwafewetsa mapewa musanawonjezere kulemera.

Chitsulo chenichenicho

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa malangizo ambiri amene achinyamata amaonera pa YouTube amaperekedwa ndi anthu amene ali ndi zipangizo zopangidwa kufakitale, pamene ambiri a ife kuno, kaya ndi pa boma, ku Bembeke kapena ku Lizulu, timanyamula paipi yamadzi yomwe mbali zonse ziwiri tinaumbirako simenti m'zitini za penti, kapena tinawotchererako zitsulo zakale za galimoto. Zipangizo zimenezi zalimbitsa anthu ambiri ndipo sindizinyoza, koma zili ndi zilema zimene zimathera pa mfundo ya dzanja.

Ndodo imene amagwiritsa ntchito pa mipikisano ya amuna imalemera makilogalamu 20 ndipo kunenepa kwake pogwirira ndi mamilimita 28, pamene ya akazi imalemera makilogalamu 15 ndipo ndi ya mamilimita 25. Kumapeto kwake, kumene amalowetsako zitsulo zolemera, kumazungulira pakokha, kotero kuti munthu akatembenuza manja potukula ndodo kuchokera pansi kufika pachifuwa, zolemerazo sizipotokola dzanja. Paipi yathu ilibe zimenezi. Simenti inagwirana ndi paipi, choncho paipi ikatembenuka chitini chonse chimatembenuka nayo, ndipo mphamvu yoyambitsa ndi kuimitsa kutembenukako imachokera m'mfundo ya dzanja lanu. Pa chifukwa chimenechi, amene amagwiritsa ntchito paipi ya simenti asamaitukule kuchokera pansi mwachiwewe nthawi iliyonse pamene akufuna kukankha. Ndi bwino kuzika mphanda ziwiri zolimba, zotalika kufika pachifuwa, kuti paipi izigona pamenepo ndipo munthu aziyamba atakonza kale kagwiridwe kake mosafulumira. Kuwonjezera apo, paipi zambiri zamadzi zimene timatola n'zonenepa kuposa mamilimita 30, ndipo kwa munthu wa manja aang'ono zala sizikumana bwino, motero paipi imathawira kumtunda kwa chikhatho ngakhale atayesetsa bwanji. Ngati zala zanu sizitha kuzungulira paipi mpaka chachikulu kukhudza cholozera, funani yocheperako.

Chilema china ndi kusafanana kwa kulemera. Chitini cha malita 5 chikadzazidwa ndi konkire chimalemera pafupifupi makilogalamu 12, koma zimatengera kuchuluka kwa miyala, mchenga ndi madzi zimene munasakaniza, ndipo zitini ziwiri zoumbidwa masiku osiyana sizifanana kawirikawiri. Ine ndinavutika miyezi ingapo ndi dzanja lamanja lokha, ndikusintha kagwiridwe uku ndi uku osaona kusintha, mpaka tsiku lina ndinamangirira chingwe pakati penipeni pa paipi n'kuipachika pamtengo, ndipo mbali imodzi inagwa pansi nthawi yomweyo. Popeza ndinkaima mbali imodzimodzi tsiku lililonse, dzanja lomwelo ndi limene linkasenza mbali yolemerayo. Yesani zimenezi ndi paipi yanu: pezani pakati poyeza ndi chingwe, ipachikeni, muone ngati ikhala mopingasa. Ngati siikhala, onjezerani kulemera mbali yopepukayo kapena umbaninso. Mukamaumba zatsopano, yezani zosakaniza zanu pa sikelo, ngakhale ya ogula mbewu pamsika, ndipo paipi ilowe pakati penipeni pa chitini. Ikalowa chapambali, chitini chimakhala ndi mbali yolemera imene imafuna kuyang'ana pansi nthawi zonse, ndipo paipi imakhala ikudzipotokola m'manja mwanu pamene mukukankha. Mungazindikire vuto limeneli poigubuduza pansi posalala: ikamayenda modumphadumpha n'kumaima malo amodzimodzi, ndiye kuti siinaumbidwe bwino. Pomaliza lembani ndi penti pakati pa paipi ndi pamene dzanja lililonse liyenera kugwira, kuti musamangoyerekeza.

Ululu ukakhala m'mbali

Ululu wa mbali ya chala chaching'ono kawirikawiri umayenderana ndi masewera okokera ndodo kuchokera pantchafu kufika kuchibwano manja atayandikana, aja amati upright row. Zigongono zikakwera pamwamba manja ali pafupi, dzanja limapindikira mbali ya chala chaching'ono ndipo limafinya kachichereŵechereŵe kamene kali pakati pa fupa la mbali imeneyo ndi timafupa ta mfundo. Kameneka kakavulala kamachedwa kupola, chifukwa pakati pake sipafika magazi ambiri, ndipo munthu amamva kuwawa potembenuza kiyi, pofinya zovala kapena podzuka pampando atatsamira dzanja. Mungathe kuchepetsa vutoli potalikitsa manja kufika pa mulingo wa mapewa ndi kulekeza kukoka ndodo ikafika pachifuwa. Koma maganizo anga ndi akuti munthu amene dzanja likumupweteka angowasiya masewerawa, popeza mnofu wa m'mbali mwa phewa umene amaufuna angaupeze pokwezera mikono m'mbali ndi zolemera zazing'ono.

Pokweza mikono m'mbali kapena kutsogolo, vuto limakhala lakuti dzanja limalendewera pansi pamene mkono wafika pamwamba, makamaka munthu akatenga cholemera chimene mapewa ake sangachikweze popanda kuchiponya. Dzanja likhale lowongoka ndi mkono kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo ngati simungathe kuliwongola, cholemeracho chakukulirani. Pa masewera amenewa botolo la madzi la malita 2, lomwe limalemera makilogalamu 2, limakwanira kwa woyamba kumene. Chigubu cha malita 5 sichili bwino kwenikweni, chifukwa chogwirira chake chili pamwamba ndipo madzi amagwedezeka n'kumakoka dzanja uku ndi uku.

Ululu wa mbali ya chala chachikulu, umene umakwera pang'ono mumkono ndipo umakula mukafumbata chala chachikulucho n'kupindira dzanja mbali ya chala chaching'ono, nthawi zambiri umachokera ku minyewa iwiri yoyendetsa chalacho imene yatupa m'njira yake yopapatiza. Umenewu umabwera chifukwa chobwereza ntchito imodzi kambirimbiri, ndipo chitsulo chimangomaliza zimene ntchito zina zinayamba.

Nkhani imeneyi ndi yofunika kuno kwathu, pakuti ambiri a ife sitichokera mu ofesi popita kukanyamula zitsulo. Wina wakhala ndi khasu m'munda wa kachewere kuyambira m'mamawa, wina wakweza matumba pa lole, wina waumba njerwa, wina wagwira chiwongolero cha njinga ya kabaza tsiku lonse m'misewu ya mabampu. Dzanja silisiyanitsa kuti iyi ndi ntchito ndipo awa ndi masewera. Limangowerenga zonse pamodzi. Komanso minyewa yolumikiza minofu ku mafupa imazolowera katundu mochedwa kuposa minofu, choncho mapewa amatha kukhala okonzeka kunyamula zambiri pamene mfundo ya dzanja isanafikepo. M'nyengo ya ntchito yambiri ya kumunda chepetsani zitsulo, ndipo musaone ngati mwabwerera m'mbuyo.

Kuzizira kwa kuno nakonso sikofunika kukunyalanyaza. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, munthu wofika m'mamawa zala zitauma ndi chisanu satha kufumbata bwino, ndipo mfundo zimakhala zolimba. Tengani mphindi zisanu kapena khumi kutenthetsa thupi lonse, kuzunguliza manja, kufumbata ndi kutambasula zala, kenako mukankhe paipi yopanda kanthu kapena chopepuka kangapo musanafike pa cholemera chanu.

Ululu ukayamba kale

Lekani masewera amene akubweretsa ululuwo, koma musaleke kugwiritsa ntchito dzanja kotheratu pokhapokha ngati lavulala. Masiku oyambirira, ngati patupa, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, kapena madzi oundana okulungidwa m'nsalu, kwa mphindi 10 mpaka 15. Mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen amathandiza kwa masiku ochepa, koma si oyenera kwa amene ali ndi zilonda zam'mimba kapena vuto la impso, ndipo chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musamwe mankhwala ndi cholinga choti mukathe kunyamula, chifukwa mukatero mwatseka pakamwa mlonda amene amakuchenjezani.

Mapewa angapitirize kulimbitsidwa m'njira zimene sizipinda dzanja. Kukankha ma dumbbell, tizitsulo tifupitifupi tonyamula ndi dzanja limodzi, zikhatho zitayang'anizana kumathandiza anthu ambiri, popeza dzanja lililonse limapeza lokha njira yake m'malo momangidwa ku ndodo imodzi. Njira ina ndiyo kutsamiritsa mapeto amodzi a paipi pakona ya khoma, n'kugwira mapeto enawo ndi dzanja limodzi n'kumakankhira kutsogolo ndi kumwamba. Amene amachita ma push-up agwire timatabwa kapena achite ndi nkhonya pa chinthu chofewa, kuti dzanja lisagone chopindika pansi.

Ululu ukayamba kuchepa, limbitsani mkono wa kumunsi pang'onopang'ono. Gonekani mkono pantchafu dzanja litatulukira kubondo, mugwire botolo la lita imodzi, muzikweza ndi kutsitsa dzanja lokha modekha ka 15, chikhatho chitayang'ana kumwamba kenako chitayang'ana pansi. Gwirani nyundo chakumapeto kwa mpini n'kumaitembenuza mbali ndi mbali mosathamanga. Kuyenda mutanyamula zigubu ziwiri zofanana, manja ali owongoka, kumalimbitsa kufumbata. Pobwerera ku overhead press yambani ndi theka la zimene munkanyamula, ndipo muziwonjezera pang'ono pakatha sabata, osati tsiku lililonse. Muyeso wake ndi wa m'mawa mwake: kumva kukoka pang'ono kumene kwatha pofika tsiku lotsatira sikoopsa, koma ululu wobaya, kapena umene mwadzuka nawo utakula, ukutanthauza kuti mwafulumira.

Za bandeji ndi malamba omanga pamfundo, ntchito yake ilipo koma ndi yochepa. Lamba amathandiza pa zolemera kwambiri, ndipo amangidwe mophimba mfundo yeniyeniyo mpaka kumunsi kwa chikhatho, osati kumunsi kwake pamkono pamene saletsa chilichonse, ndipo amasulidwe mukangotsitsa chitsulo. Ndaonapo anyamata akumanga mphira wa chubu cha njinga mpaka zala kuchita dzanzi, ndipo zimenezi n'zoopsa chifukwa zimatsekereza magazi ndi kufinya mitsempha. Lamba sakonza kagwiridwe kolakwika kapena paipi yopendekera.

Pamene muyenera kupita kuchipatala

Pali zizindikiro zimene si za kukonza nokha. Dzanzi kapena kunyerenyetsa m'chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, makamaka kumene kumakudzutsani usiku, kumasonyeza kuti mtsempha wodutsa pakati pa mfundo ukufinyika. Kutupa kwakukulu, kulephera kufumbata, kugwetsa zinthu, dzanja looneka lopindika, kulira kwa m'mfundo kotsagana ndi ululu, kutentha ndi kufiira kwa mfundo pamodzi ndi kutentha thupi, kapena ululu umene sukusintha patatha masabata awiri kapena atatu mutakonza zonse zimene ndafotokozazi, zonsezi zikufunika kuonedwa ndi achipatala. Pa zipatala za boma za m'maboma, monga cha Dedza ndi cha Ntcheu, pamakhala madokotala othandizira oona za mafupa, ndipo zimene zawakulira amazitumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Chimodzi chimene ndikufuna kuti musachiiwale ndi ichi: ngati ululu unayamba mutagwa n'kutsamira chikhatho, kaya pa njinga, pa mpira kapena pamene chitsulo chinakugonjetsani, ndipo mukasindikiza kadzenje kamene kamaoneka kumunsi kwa chala chachikulu mukachitambasula mukumva kuwawa, pitani kuchipatala ngakhale dzanja lisanatupe kwambiri. Pansi pa kadzenjeko pali kafupa kotchedwa scaphoid, kamene kamathyoka kawirikawiri pa kugwa kotere, ndipo anthu ambiri amangoti abinya n'kupita kukakoketsa kwa wina kumudzi. Kuthyoka kwake nthawi zina sikuoneka pa X-ray yoyamba, choncho achipatala amatha kumanga dzanja n'kukuuzani kuti mubwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14 kuti ajambulenso. Mukauzidwa zimenezo bwereranidi, chifukwa kafupaka kamalandira magazi movutikira ndipo kakapanda kugwirana kamasiya mfundo youma ndi yopweteka kwa zaka zambiri.

Kwa inu amene mumayang'anira malo onyamulirako zitsulo, samalani ndi anyamata a sukulu amene amabwera madzulo kudzayesa zitsulo za akuluakulu. Mafupa awo amakhala akukulabe, ndipo malo amodzi amene fupa la mkono limakulira ali pafupi penipeni ndi mfundo ya dzanja, pamene pamakhala pofewa kuposa fupa lokhwima. Mnyamata wotere akadandaula kuti pamfundo pakumupweteka mbali ya chala chachikulu nthawi iliyonse akakankha, musamuuze kuti alimbe mtima. Mulandeni chitsulo cholemeracho, mumupatse paipi yopanda kanthu kuti aphunzire kagwiridwe, ndipo ululu ukapitirira muuzeni kholo lake kuti apite naye kuchipatala.